Nyimbo Zinatsala, Mawu Anasamuka: Mbiri ya Podcast ndi Tizipangizo ta M'thumba

Cha m'ma 2006, munthu wa ku America kapena ku Ulaya akatopa ndi iPod yake n'kugula kachipangizo koimbira nyimbo ka kampani ina, ankaona zachilendo tsiku lomwelo. Nyimbo zomwe anagula ndi ndalama zake pa sitolo ya iTunes zinkakana kulira m'kachipangizo katsopanoko. Koma ma podcast, omwe sanalipire olo senti imodzi, ankalira bwinobwino bola wapeza njira yowalowetsera mmenemo. Chogula chinkatsala m'mbuyo, chaulere n'kusamuka naye.

Sizinachitike mwangozi zimenezi. Panali anthu amene anakhoma loko pa nyimbo mwadala, panalinso ena amene anasiya chitseko cha podcast chili pululu, mwadalanso. Ndipo nkhaniyi si ya makedzana okha ayi. Aliyense wa ife amene anasinthapo foni, kaya inabedwa, kaya inagwera m'madzi, kaya inangotopa, amadziwa funso limene limabwera usiku woyamba uja: zanga zija ndizipeza kuti?

Kuchokera pa kaseti kufika pa fayilo

Pa 1 July 1979 kampani ya Sony inayamba kugulitsa Walkman ku Japan. Kuyambira pamenepo munthu ankatha kuyenda mumsewu nyimbo zili m'makutu mwake yekha. Ubwino wa kaseti unali woti sinkasankha mbuye. Yogulidwira Walkman inkaliranso mu wailesi ya kampani ina iliyonse, m'galimoto, kwa anzako, paliponse. Ukasintha wailesi, makaseti ako ankakhala akobe.

Kenako kunabwera MP3, njira yofinyira mawu yomwe akatswiri a ku Fraunhofer Institute mumzinda wa Erlangen ku Germany anathandiza kwambiri kuipanga, m'modzi wa iwo ali Karlheinz Brandenburg. Nzeru yake inali yotaya tizigawo ta phokoso timene khutu la munthu silimva kwenikweni, kotero kuti nyimbo ya pa CD inkachepa pafupifupi kakhumi. Dzina loti .mp3 linasankhidwa mu 1995. Mwachiwerengero cha msanga, miniti imodzi ya nyimbo inkadya pafupifupi 1MB.

Mu 1998 tizipangizo toyamba toimbira MP3 tinatuluka: MPMan ya kampani ya SaeHan ya ku South Korea, kenako Rio PMP300 ya kampani ya Diamond Multimedia ku America. Rio inali ndi malo a 32MB basi. Tangoganizani, kavidiyo kamodzi ka pa WhatsApp lero kangathe kudya theka la malo amenewo. Munkalowa nyimbo zosapitirira khumi, ndiye kwatha.

Ngakhale kanali kochepa choncho, kanaopseza eni makampani a nyimbo. Bungwe lawo la RIAA linakasumira Diamond mu October 1998 pofuna kuti Rio isagulitsidwe. Mu June 1999 khoti la apilo linagamula mokomera Diamond, ndipo linaona kuti munthu wosamutsa nyimbo kuchoka pa kompyuta yake kupita m'kachipangizo kake akungopanga zomvera yekha, si malonda. Chigamulo chimenechi ndi chimene chinatsegulira njira tizipangizo tonse tam'mbuyo mwake. Muone kuti mkangano woyambirira weniweni unali pa funso lomwe lija: chomwe ndili nacho pano, ndingachinyamule kupita nacho apo?

Khola lokongola

Pa 23 October 2001 Steve Jobs anaonetsa iPod yoyamba. Inali ndi malo a 5GB, okwana nyimbo pafupifupi 1,000, pa mtengo wa madola 399. Poyamba inkagwira ndi makompyuta a Mac okha, kudzera pa chingwe cha FireWire. Sitolo ya iTunes inatsegulidwa mu April 2003, nyimbo imodzi masenti 99, ndipo mu October chaka chomwecho iTunes inafika pa Windows. Apa ndi pamene iPod inayamba kulamula msika.

Chimene chinkakometsa iPod chinali kuphweka. Ukangoilumikiza ku kompyuta, iTunes inkadziwa yokha zoti ilowetse ndi zoti ichotse. Koma kuphwekako kunali ndi mtengo wake. Msewu unali wopita mbali imodzi: kuchoka pa kompyuta kupita mu iPod. iTunes sinkakupatsa njira yobwezera nyimbo za pa CD zako kuchoka mu iPod kupita pa kompyuta ina. M'kati mwake mafayilo ankabisidwa mu foda yosaoneka, atamwazidwa m'timafoda totchedwa F00, F01, F02 ndi kupitirira, ndipo pamapeto pake ngakhale maina awo ankasinthidwa kukhala zilembo zinayi zopanda tanthauzo. iPod sinkayang'ana mafoda pofuna kudziwa zomwe ili nazo. Inkawerenga kaundula wake yemwe iTunes inkalemba. Ukaponyamo fayilo pawekha ngati mmene timachitira ndi fulashi, inkakhalamo ndithu, koma pa mndandanda wa nyimbo osaoneka. Ukailumikiza ku iTunes ya pa kompyuta ina, inkakufunsa ngati ukufuna kufufuta zonse n'kuyambiranso.

Pamwamba pa izi panali loko wotchedwa FairPlay. Nyimbo yogula pa iTunes inkalira pa makompyuta ochepa ololedwa, poyamba atatu kenako asanu, komanso mu iPod. Apple sinkabwereketsa kiyi wa lokoyu kwa opanga tizipangizo tina. Ndiye munthu amene wagula nyimbo mazana angapo akaganiza zosintha, ankawerengera kawiri. Khola linali lokongola, koma linali khola.

Anthu awiri ndi nzeru ya usiku

Nthawi yomweyo, kutali ndi maofesi a Apple, kunkachitika zina zimene poyamba palibe ankazilabadira.

Dave Winer ndi wolemba mapulogalamu a kompyuta amene anagwira ntchito yaikulu pa RSS. RSS ndi kafayilo ka zilembo kamene tsamba la pa intaneti limaika poyera, kondandalika zatsopano zomwe latulutsa: mutu, tsiku, ndi adiresi yopezera chinthucho. Pulogalamu iliyonse ikhoza kubwera kudzakawerenga, popanda kupempha chilolezo kwa wina.

Adam Curry anali muulutsi wakale wa pa MTV. Vuto lomwe linkamusowetsa mtendere ndi lomwe ife timalidziwa bwino: intaneti yochedwa. Masiku amenewo ukadina fayilo ya mawu kapena ya kanema, unkadikira mpaka kutopa. Maganizo ake anali oti kompyuta izitsitsa yokha mafayilo akuluakulu mwini wake ali mtulo, kuti pofika m'mawa zonse zikhale zafika kale. Amene munagulapo bandulo ya usiku n'kusiya foni ikutsitsa zinthu muli m'bulangete, nzeru yake ndi yomweyo.

Kumapeto kwa chaka cha 2000 Winer anawonjezera kachigawo kamodzi mu RSS, kotchedwa enclosure. Ntchito yake inali yongonena zinthu zitatu: fayilo ili pa adiresi yakuti, ndi yaikulu chonchi, ndi ya mtundu wakuti. Basi. Mu January 2001 anayesa poikamo nyimbo ya gulu la Grateful Dead. Kwa zaka ziwiri ndi kupitirira, kachigawoka kanangokhala, ogwiritsa ntchito ali ochepa.

Zinthu zinayamba kusuntha mu 2003 pamene Winer anali ku Berkman Center ya pa yunivesite ya Harvard. Kumeneko kunalinso mtolankhani wa pa wailesi, Christopher Lydon, amene ankajambula macheza ake ndi anthu olemba pa intaneti komanso andale. Winer anamukonzera RSS yonyamula machezawo ngati mafayilo a MP3. Chinatsala ndi mlatho womaliza, wochoka pa intaneti kukafika m'thumba. Curry, ngakhale sanali katswiri wa mapulogalamu, analemba kapulogalamu kotchedwa iPodder. Kankawerenga RSS, kutsitsa MP3, kuiponya mu iTunes, ndipo iTunes inkailowetsa mu iPod. Anakasiya poyera kuti odziwa kuposa iye akakonze. Mu August 2004 anayamba pulogalamu yake ya Daily Source Code, yomwe mbali ina inali yoti olemba mapulogalamuwo akhale ndi choyesera.

Dzina linali litabadwa kale. Mu February 2004 mtolankhani Ben Hammersley, polemba mu nyuzipepala ya The Guardian, anaponya maina angapo oyesera kutchula chinthu chatsopanochi, ndipo limodzi linali podcasting, kuphatikiza iPod ndi liwu lachingerezi la kuulutsa mawu. Limeneli ndi lomwe linakakamira. Pofika kumapeto kwa 2005, dikishonale ya New Oxford American Dictionary inasankha podcast kukhala liwu la chaka.

Dzinali linasokoneza anthu ambiri, chifukwa ankaganiza kuti popanda iPod sungamvere podcast. Makampani opikisana ndi Apple linkawawawa. Creative inayesa kukankha dzina lake loti ZENcast, koma silinapite patali. Chonsecho m'kati mwa podcast munalibe chilichonse cha Apple. Inali MP3 wamba yolozedwa ndi RSS wamba.

Apple ilowa m'bwalo

Pa 28 June 2005 Apple inatulutsa iTunes 4.9 yokhala ndi ma podcast m'kati mwake, oposa 3,000 pa tsiku loyamba. M'masiku awiri okha kampaniyi inalengeza kuti kulembetsa kwadutsa 1 miliyoni. Timakampani tating'ono tomwe tinkafuna kudya pa ntchito yomweyi tinapsa mtima. Odeo ya ku San Francisco inaona kuti msika wapita, ogwira ntchito ake n'kuyamba kufufuza zina zochita, ndipo mwa zoyesayesazo munatuluka Twitter mu 2006.

Koma pali chimodzi chimene Apple inachita, kapena tinene kuti sinachite, chimene chinapulumutsa podcast. Sinasunge mafayilowo pa makina ake, ndipo sinawakhome FairPlay. iTunes inali ngati buku la maadiresi chabe. Wopanga podcast ankapereka adiresi ya RSS yake, fayilo n'kumachokera kwa iye mwini. Choncho pulogalamu ina iliyonse yodziwa adiresiyo inkatha kutenga fayilo yomweyo.

Tsiku losamuka

Tiyeni tibwerere kwa munthu uja wasiya iPod n'kugula, tinene, Creative Zen kapena Sansa ya kampani ya SanDisk. Mafayilo ake a podcast ankalira, inde. Koma zovuta zinkayamba pa zinthu zing'onozing'ono zimene iTunes inkamuchitira mwakachetechete iye osazindikira.

Choyamba, iTunes sinkaona kachipangizo katsopanoko. Ukakalumikiza, zii. Ena ankangopitiriza kutsitsa ndi iTunes, kenako n'kumakasaka foda yomwe mafayilo agwera n'kuwakoka pamanja, tsiku ndi tsiku. Ena ankasamukira ku mapulogalamu ena otsitsira, monga Juice, yomwe inachokera ku banja la iPodder, kapena gPodder yomwe Thomas Perl wa ku Austria anayamba mu 2005.

Chachiwiri, mndandanda wa ma podcast omwe munthu analembetsa. Ngati unali ndi makumi atatu, kodi uziyamba kusaka adiresi imodziimodzi? Apa panathandiza kanthu kena ka Winer yemwe uja, kotchedwa OPML, komwe anapanga m'chaka cha 2000. Ndi kafayilo kakang'ono kosunga maina ndi maadiresi a RSS onse amene umatsatira. Unkakatulutsa mu iTunes, kukalowetsa mu pulogalamu yatsopano, ndipo gulu lonse linkasamuka nthawi imodzi.

Chachitatu, chingwe. Tizipangizo tina tinkaoneka pa kompyuta ngati fulashi wamba, ungokoka n'kuponya. Tina tinkalankhula chilankhulo cha Microsoft chotchedwa MTP, chomwe chinkamvana ndi Windows Media Player koma chinkavutitsa a Mac ndi a Linux. Tina ta Sansa tinkalola zonse ziwiri, ndipo apa mpamene panali msampha: zomwe walowetsa kudzera njira imodzi sizinkaoneka pa kompyuta ukalumikiza kudzera njira inayo. Munthu ankakhala akulumbira kuti mafayilo ake asowa, chonsecho ali momwemo.

Chachinayi, ndipo ichi ndicho chinkapweteka kwambiri, kukumbukira. Podcast si nyimbo. Nyimbo ya maminiti anayi ukaisiya pakati, kuyambiranso si nkhani. Macheza a ola lathunthu ukawasiya pa miniti ya 40 chifukwa wafika potsikira basi, umafuna mawa upitirize pomwepo. iPod inkakumbukira malo amene walekezera, inkaika chizindikiro pa zomwe sunamvere, ndipo iTunes inkatha kuchotsa zomwe wamaliza. Tizipangizo tambiri totchipa tinkangoona MP3 iliyonse ngati nyimbo. Ukazimitsa, mawa umayambira pa moni. Ukati nyimbo zizilira mosakaniza, pakati pa zovina pankatulukira bambo akufotokoza za ndale. Magawo ankasokonekera, lachisanu kubwera lachiwiri lisanafike, chifukwa kachipangizoko kankandandalika potsata timaina tolembedwa m'kati mwa fayilo, tomwe opanga ma podcast ambiri ankalemba mwachisawawa. Anthu anaphunzira kusintha maina a mafayilo poyambira ndi chaka, mwezi ndi tsiku kuti zizitsatana. Olimba mtima ankaikamo Rockbox, pulogalamu yaulere yolowa m'malo mwa ya kampani, yomwe inkatha kusunga malo olekezera.

Panalinso ma podcast ena opangidwa mu mtundu wa AAC, okhala ndi zithunzi ndi mitu yodumphira, omwe ankakoma pa iPod koma tizipangizo tina tinkawakana. Amenewa ankafunika kuwatembenuza kaye kukhala MP3.

Zonsezi zinali zotopetsa, koma muone kusiyana kwake. Mavuto a podcast anali a thukuta: ukalimbikira, zinkatheka. Mavuto a nyimbo zokhomedwa anali a chilolezo. Njira yodziwika inali yoziwotcha pa CD kenako n'kuzikoperanso, mawu ake n'kutsikako. Ndipo si Apple yokha. Microsoft inali ndi dongosolo lake la PlaysForSure, koma itatulutsa Zune mu November 2006, kachipangizo kakeko sikankaimba nyimbo zokhomedwa ndi dongosolo lake lomwelo. Mu 2008 inalengeza kuti izimitsa makina opereka makiyi a nyimbo zomwe anthu anagula pa MSN Music, ndipo inangotalikitsa nthawi anthu atakwiya. Wogula anazindikira kuti sanagule nyimbo, anangobwereka kiyi.

Maloko agwa, foni imeza zonse

Mu February 2007 Jobs analemba kalata yapoyera yonena kuti makampani a nyimbo ndi amene amakakamiza malokowo, ndipo kuti Apple ingakonde atachotsedwa. EMI inavomera chaka chomwecho, ndipo mu 2009 nyimbo za pa iTunes zinasiya kukhomedwa. Koma pofika apo n'kuti nkhondo itasamukira kwina.

iPhone inatuluka mu 2007. Kumapeto kwa 2008 inayamba kutsitsa ma podcast yokha popanda kompyuta. Mu 2012 Apple inatulutsa apu yapadera ya Podcasts, ndipo mu 2014 apuyo inayamba kubwera ili kale m'foni. Mu October chaka chomwecho kunayamba Serial, ya mtolankhani Sarah Koenig, yofufuza mlandu wakupha wa mu 1999 ku Baltimore. Inakoka anthu miyandamiyanda omwe anali asanamverepo podcast. Ambiri a iwo sanagwirepo chingwe, sanamvepo za RSS. Ankangodina.

Kachipangizo komwe kanapereka dzina kanayamba kufa pang'onopang'ono. iPod classic inatha mu September 2014, nano ndi shuffle mu July 2017, ndipo pa 10 May 2022 Apple inalengeza kutha kwa iPod touch, yomaliza m'banjamo. iTunes nayo pa makompyuta a Mac inagawidwa kukhala mapulogalamu osiyana mu 2019. Dzina loti podcast lokha ndi lomwe linatsala, ngati mwana wamasiye wotchedwa dzina la bambo ake.

Makhola atsopano

Wina angati nkhani inathera pomwepo, mwamtendere. Ayi ndithu. Mu 2019 Spotify inagula makampani a Gimlet ndi Anchor, ndipo mu 2020 inagwirizana ndi Joe Rogan kuti pulogalamu yake izimveka pa Spotify pokha. Podcast yotere inalibenso RSS yapoyera. Ukaitsitsa inkakhala m'kati mwa apu, osati fayilo yoti ungaikopere pa memory card kapena kuitumiza m'kachipangizo kena. Loko uja anabwerera atavala malaya ena. Mu 2024 mgwirizano watsopano unalola pulogalamu ya Rogan kubwereranso m'malo ena, koma njira inali itaoneka kale kuti ndi yotheka.

Chaka chomwecho cha 2024 Google inatseka apu yake ya Google Podcasts, yomwe inayamba mu 2018 ndipo anthu ambiri a mafoni a Android ankaidalira. Ogwiritsa ntchito anapatsidwa njira ziwiri: kusamukira ku YouTube Music, kapena kutulutsa mndandanda wawo ngati fayilo ya OPML. Kafayilo ka m'chaka cha 2000 kaja, komwe kanasamutsa anthu kuchoka pa iPod kupita pa Sansa, ndi komwenso kanawapulumutsa patapita zaka zoposa makumi awiri.

Kwa ife kuno, nkhaniyi ili pafupi kuposa mmene ikuonekera. Ambiri sitinagwirepo iPod, koma memory card timaidziwa, Bluetooth timaidziwa, ndipo kutumizirana mafayilo foni ndi foni popanda data ndi moyo wathu wa tsiku ndi tsiku. Zonsezi zimatheka pokhapokha chinthucho chili fayilo. Ulaliki, nthano kapena macheza omwe ali MP3 amayenda kuchoka m'tauni kukafika kumudzi komwe netiweki imavuta, n'kukalira pa kawailesi ka memory card. Zomwe zatsekeredwa mu apu zimathera pa foni yomwe ili ndi akaunti ndi bandulo.

Ndiye musanazolowere apu iliyonse yomvera ma podcast, ifunseni mafunso omwe anthu a mu 2006 anaphunzira mochedwa. Kodi imalola kutulutsa mndandanda wanga ngati OPML? Mapulogalamu ngati AntennaPod ndi Pocket Casts amalola. Kodi gawo lomwe ndalikonda ndingalipeze ngati fayilo n'kulisunga pandekha? Ndipo inu amene mukuyamba kujambula ma podcast anu m'Chichewa, onetsetsani kuti pulogalamu yanu ili ndi RSS yakeyake, komanso kuti mafayilo oyambirira muli nawo pa malo anu, osati pa akaunti ya kampani imodzi yokha. Makampani amatseka mapulogalamu awo akaona kuti sakupindula, ndipo sakufunsani. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.